Thupi lili ndi eni ake: Mwanza ndi nkhani yopereka ziwalo

Pa katundu yense wodutsa pachipata cha Mwanza, alipo wina amene anthu akamuona amatsitsa mawu. Ndi bokosi la maliro ochokera ku Joni, lomangiriridwa m'kangolo kumbuyo kwa minibasi, litayenda makilomita oposa 1,500: kuchoka ku Johannesburg, kudutsa pa Beitbridge, Harare ndi Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kudzafika pa Zobwe. Ulendo wotere umadya ndalama zambiri, ndipo kawirikawiri osonkha amakhala anzake a malemu, anthu a maganyu amene nawonso lendi imawasowetsa tulo. Amasonkhabe. Munthu ayenera kukagona kwawo, ndipo ayenera kufika wathunthu, kuti abale aone nkhope, atsimikize kuti amene akumuika m'manda ndi iyeyo.

Dziko limene maliro amenewa akuchokera, South Africa, ndi limodzi mwa maiko ochepa mu Africa muno kumene madokotala amatenga mtima, impso kapena chiwindi cha munthu amene wangomwalira n'kuika mwa wodwala wina. Kunali ku Cape Town, pachipatala cha Groote Schuur, kumene pa 3 Disembala 1967 Christiaan Barnard anaika mtima wa mtsikana Denise Darvall, yemwe anagundidwa ndi galimoto, m'chifuwa cha Louis Washkansky. Ntchitoyi ikuchitikabe mpaka lero. Choncho mnyamata wa kwa Nthache akachita ngozi ku Cape Town kapena ku Johannesburg, madokotala n'kupeza kuti ubongo wafa ngakhale makina akupumitsabe thupi, namwino woona za ziwalo angathe kufunsa abale ngati angalole. Mnzake wogona naye nyumba imodzi sangayankhe yekha. Aimba foni kumudzi. Yankho la kumudziko tonse tikulidziwa kale, ndipo silichokera m'nkhanza. Nkhaniyi sinakambidwepo pakhomopo, ndipo tsiku la zovuta si tsiku loyambira kuiphunzira.

Pali china chowawa m'malamulo a kumeneko. Ndime 61 ya lamulo lawo la zaumoyo la 2003 imati chiwalo chisaikidwe mwa munthu amene si nzika kapena wokhazikika mwalamulo popanda chilolezo cholembedwa ndi nduna. Mmalawi wa maganyu angapemphedwe kupereka, koma iye impso zake zikafa, khomo limakhala lopapatiza zedi.

Kumene anafewetsa kalembera

Kumaiko kumene kupereka ziwalo kunakhazikika, aphungu masiku ano amalimbana ndi funso looneka laling'ono: munthu wofuna kupereka alembetse bwanji mosavutikira? Ku America ambiri amalembetsa potenga laisensi yoyendetsera galimoto. Kalaliki amangofunsa, munthu n'kuvomera kapena kukana, basi. Kuyambira 2016 ena amalembetsa pafoni ya iPhone. Ku Wales anatembenuza funso lonse pa 1 Disembala 2015: munthu wamkulu aliyense amatengedwa kuti wavomera pokhapokha atalembetsa kuti sakufuna. England anatsatira pa 20 Meyi 2020, Scotland mu 2021 ndi Northern Ireland mu 2023.

Okonda njira imeneyi amaloza ku Spain, dziko limene lakhala patsogolo kwa zaka zambiri, lomwe mu 2023 linali ndi opereka pafupifupi 49 pa anthu miliyoni imodzi iliyonse, pamene South Africa safika ngakhale awiri. Koma mbiri ya Spain ikawerengedwa modekha imanena zina. Lamulo loti aliyense wavomera linadutsa mu 1979, ndipo kwa zaka khumi zinthu sizinasinthe kwenikweni. Kusintha kunabwera mu 1989, pamene dokotala wa impso Rafael Matesanz anatsogolera bungwe loona za ntchitoyi m'dziko lonse, n'kuika m'chipatala chilichonse chachikulu anthu ophunzitsidwa kukhala pansi ndi banja lofedwa. Mpaka lero ku Spain abale amafunsidwa, ndipo akakana sipachotsedwa kanthu.

Brazil ndiye anayesa kulumpha abale. Lamulo lake la 1997 linati aliyense ndi wopereka pokhapokha atalembetsa kukana pachiphaso kapena palaisensi. Anthu osauka anachita mantha kuti akagonekedwa m'chipatala sadzasamalidwa, adzangodikiriridwa kuti afe. Ambiri anathamangira kumaofesi kukalembetsa kukana, madokotala nawo anapitiriza kufunsa abale, ndipo chisanathe chaka cha 1998 boma linabwerera m'mbuyo. Phungu wa kuno amene angadzaganize zokopera lamulo la ku England ayambe wawerenga za Brazil, chifukwa mantha a anthu a kumeneko ndi ofanana kwambiri ndi athu.

Zimene tili nazo

Malawi ali ndi lamulo lokhudza matupi a anthu omwalira, Anatomy Act, la mu 1990. Linadza pa nthawi imene dziko limakonzekera kutsegula sukulu yake yoyamba ya madokotala, College of Medicine, yomwe inayamba mu 1991 ku Blantyre ndipo tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Lamuloli limalola kuti thupi kapena mbali yake iperekedwe pa maphunziro, pa kafukufuku ngakhalenso pochizira ena. Koma kaundula wa anthu ofuna kupereka palibe, ndipo ku Mwanza kulibe ofesi imene munthu angapite kukanena kuti ndikadzafa maso anga mudzapatse wina.

Amalawi ambiri anamva za lamuloli koyamba mu 2016, ndipo analimva pa nkhani yoopsa. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 anthu achialubino anayamba kuphedwa, kudulidwa ziwalo, ena kufukulidwa m'manda. Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango za wopezeka ndi ziwalo za munthu mpaka kufika pa kukhala kundende moyo wonse. Kunali koyenera kutero. Koma taonani chimene chinatsalira m'makutu mwa anthu: mawu oti "ziwalo za munthu" akamveka pawailesi, amatsatana ndi apolisi, asing'anga achinyengo ndi khoti. Pa mlandu wa MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga amene anaphedwa mu 2018, khoti lalikulu mu 2022 linapeza olakwa anthu 12, ndipo pakati pawo panali wansembe, wapolisi ndi wogwira ntchito ya chipatala. Ameneŵa ndi anthu omwewo amene boma lingatume kumudzi kukafotokoza ubwino wopereka ziwalo.

Manthawa ali ndi mizu yaitali. Pakati pa 1968 ndi 1970, anthu akuphedwa usiku ku Chilobwe, mphekesera inali yoti boma likugulitsa magazi ku South Africa pobweza ngongole. Mu Januwale 2003 Eric Chiwaya, yemwe anali gavanala wa chipani cholamula ku Blantyre, anagendedwa pomuganizira kuti akusunga anamapopa. Mu 2017 mphekesera yomweyo inabukanso ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Mwanza nayo ili ndi chake chokumbukira. Mu Meyi 1983 mitembo ya Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga inapezeka m'galimoto kumsewu wa ku Thambani, boma n'kulengeza kuti inali ngozi. Panapita zaka zoposa khumi kuti komishoni ya Jaji Harry Mtegha inene poyera kuti anthuwo anachita kuphedwa. Munthu wa ku Thambani akamakayika zimene a boma akunena zokhudza mtembo, sindingamutche mbuli. Anaonapo.

Ndipo ngakhale mantha onse atatha lero, mtima ndi chiwindi sizitengedwa paliponse. Zimafuna munthu amene wamwalirira m'chipinda cha odwala mwakayakaya, makina akuyendetsabe magazi, madokotala atatsimikiza kuti ubongo wafa. Pamene Covid-19 imafika mu 2020, dziko lonse linali ndi mabedi otere pafupifupi 25. Boma la Mwanza, lomwe pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu pafupifupi 131,000, limadalira chipatala cha paboma, ndipo wovulala kwambiri pangozi ya kabaza kapena ya thiraki pamsewu wa M6 amakwezedwa ambulansi kudzera pa Zalewa kupita kuchipatala cha Queens ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Kulemba mayina a anthu ofuna kupereka mtima m'dziko limene mulibe pouchotsera kuli ngati kugawa matumba a chimanga munda usanalimidwe.

Mwini mbumba

Malamulo a ku Ulaya amayambira pa mfundo yoti thupi ndi la munthu mwini. Kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati munthu akatsikira kuli chete, thupi lake limakhala ndi eni ambiri. Mwini mbumba ndiye amauzidwa poyamba, ndipo iye ndiye amakanena kwa mfumu. Mfumu ndiyo imalola kuti manda atsegulidwe. Adzukulu ali ndi gawo lawo, amayi a pasiwa ali ndi lawo, osambitsa maliro amaona thupi lonse ndipo chilichonse chachilendo adzachinena. Mwamuna wa chikamwini, ngakhale anakhala ndi mkazi wake zaka makumi atatu, sangalole yekha kuti thupi la mkaziyo likhudzidwe akuchikazi asanamve. Fomu imene ili ndi mzere umodzi wa "wachibale wapafupi", n'kumayembekezera kuti asaina ndi mwamuna kapena mkazi wa malemu, ingayambitse mlandu umene mudzi ungakhale nawo mpaka m'badwo wina.

Ena amaona zimenezi ngati chopinga. Ine ndimaona ngati njira yokhayo imene nkhaniyi ingadutsire, ndipo umboni wake uli ku Blantyre komweko. Kuyambira 1996 mpaka 2010, madokotala ofufuza za malungo ku Queens, motsogozedwa ndi Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux, ankapempha makolo a ana omwalira ndi malungo a muubongo kuti alole mitembo ipimidwe mkati. Palibe pempho lolemera kuposa limeneli: mayi wangotaya mwana, wina n'kubwera kudzapempha kutsegula thupi. Ambiri anakana, ndipo kukana kwawo kunalemekezedwa. Koma mabanja oposa 100 analola. Kuchokera m'kulola kwawo dziko lonse lapansi linaphunzira kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse amene ankaganiziridwa kuti wafa ndi malungo a muubongo anali atafa ndi matenda ena, ndiponso kuti dokotala akasuzumira mkati mwa diso angathe kusiyanitsa malungo enieniwo ndi matenda ena. Mabanjawo sanalembetse kalikonse pasadakhale. Anafunsidwa m'Chichewa, mwaulemu, ndi anthu amene anali atasamala mwana wawo akadali moyo.

Magazi nawonso amatiphunzitsa zofanana. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ana a sukulu za sekondale ndi makoleji, mwakuti sukulu zikatsekera magazi amachepa m'zipatala. Akuluakulu ambiri sapita okha kukapereka. Koma namwino akangonena kuti mlongo wanu wataya magazi pochira, achimwene amapinda malaya nthawi yomweyo, ena kubwera pakabaza kuchokera ku Kunenekude. Mmalawi si woumira. Amafuna kudziwa kumene chinthu chake chikupita.

Tiyambire pa diso

Pa ziwalo zonse, chimene Malawi angayambire popanda kudikira zipatala za mabiliyoni ndi diso, kapena tinene kagalasi koonekera kamene kali kutsogolo kwa diso, komwe madokotala amati cornea. Kagalasika kakachita chipsera chifukwa cha chilonda, chikuku, kubayidwa ndi kamtengo kumunda kapena mankhwala azitsamba othira m'maso, munthu saona ngakhale mkati mwa diso muli bwinobwino. Izi n'zosiyana ndi ng'ala ya okalamba, imene madokotala a ku Lions Sight First ku Blantyre kapena a ku Nkhoma amachotsa n'kuikapo kagalasi kapulasitiki. Cornea ilibe ya kufakitale yokwanira aliyense. Imachokera kwa munthu.

Ubwino wake ndi wakuti sifuna makina opumitsa thupi. Imatengedwa munthu atamwalira kale, m'maola ochepa oyambirira, ndipo wogwira ntchitoyi angakhale katswiri wophunzitsidwa, osati dokotala wamkulu. Ikaikidwa m'madzi ake apadera mufiriji imasungika pafupifupi masabata awiri. Magazi a wopereka ndi wolandira sachita kufanana. Chachikulu kwa ife n'chakuti nkhope siisintha, zikope zimatsekedwa monga mwa nthawi zonse, ndipo mwambo woona nkhope umachitika popanda wina kudabwa. Opaleshoni yake ndi yakale: Eduard Zirm anaichita bwino koyamba mu 1905. Komabe kafukufuku wa padziko lonse amene anasindikizidwa mu 2016 anapeza kuti anthu pafupifupi 12.7 miliyoni akudikira, ndipo pa anthu 70 alionse osowa pamapezeka cornea imodzi. Maiko ambiri a kuno kwathu amadalira zochokera kunja, zimene zimabwera mwa apo ndi apo, wolipira akapezeka.

Ethiopia anatsegula nkhokwe yake ya maso ku Addis Ababa mu 2003, ndipo mmodzi mwa oyamba kulonjeza maso ake anali pulezidenti wa dzikolo, Girma Wolde-Giorgis. Ku Sri Lanka, dokotala Hudson Silva anayambitsa bungwe la opereka maso mu 1961, atsogoleri a chipembedzo cha Chibuda analigwira mkono, mpaka dzikolo linayamba kutumiza maso kumaiko ena. M'maiko onse awiri anthu otchuka anaikapo mtima poyera. Kuno nako oyamba kulembetsa asakhale alimi a manachesi a ku Mwanza. Akhale aphungu amene adzadutsitse bilu ya kupereka ziwalo, nduna, mabishopu ndi mafumu aakulu, ndipo alembetse pagulu abale awo akumva. A mpingo wa Katolika sangavutike ndi chiphunzitso, popeza Papa Yohane Paulo Wachiwiri ananena poyera mu 2000 kuti kupereka chiwalo mwaulere ndi ntchito ya chikondi.

Pomwe pangalembedwe funsoli palipo kale. Laisensi ya galimoto, imene Amereka amadalira, ali nayo ochepa kuno. Chiphaso cha unzika ndicho chili m'thumba mwa pafupifupi munthu wamkulu aliyense kuchokera pamene National Registration Bureau inalemba anthu oposa 9 miliyoni mu 2017. Munthu akamakonzetsanso chiphaso angafunsidwe funso limodzi, ndipo kusayankha kuzitanthauza kukana. Ndikanakhala wolemba biluyo ndikanawonjezera mzere wachiwiri: dzina la munthu wa kubanja amene mwamuuza, ndi mudzi wake. Yankholo lisaoneke pamwamba pa chiphaso, pamene aliyense wogulitsa feteleza kapena wolembetsa simu khadi angaliwerenge. M'dziko limene anthu anaphedwapo chifukwa cha mafupa awo, chizindikiro choti uyu ndi wopereka ziwalo si chinthu choyenda nacho poonekera.

Impso za ku India

Pamene tikukambirana za omwalira, Amalawi amoyo akupereka kale impso, kungoti amakaperekera kunja. Kuthamanga kwa magazi ndi shuga zikuwononga impso za anthu ambiri, ena akadali a zaka za m'ma 30. Munthu wa ku Mwanza impso zikasiya ntchito amadalira makina osefa magazi a ku Queens, kawiri kapena katatu pasabata, maola anayi ulendo uliwonse. Makinawo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, ndipo thiransipoti yokha imatha kugulitsitsa mbuzi zonse za m'khola. Ambiri amasamukira kwa abale ku Ndirande kapena ku Chirimba. Ena amangobwerera kumudzi kukadikira.

Opeza bwino, ndi ochepa amene boma lawatumiza, amapita ku India atatenga mchemwali kapena mchimwene woti akapereke impso imodzi. Lamulo la India la 1994 limaletsa kugula chiwalo, ndipo mlendo amayenera kusonyeza zikalata zotsimikiza ubale wake ndi woperekayo. Anansi athu anayamba kuchita okha: chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam chinaika impso koyamba mu 2017, ndipo University Teaching Hospital ku Lusaka inatsatira mu 2018. Tsiku lina Blantyre kapena Lilongwe idzayamba, ndipo lamulo liyenera kudzapezeka lili kale pamalo.

Chifukwa chake chili ku Durban. Pakati pa 2001 ndi 2003, pachipatala cha St Augustine's panachitika maopaleshoni 109 osaloledwa. Anthu osauka ochokera ku Brazil ndi Romania ankabweretsedwa kudzagulitsa impso kwa odwala olemera, ambiri a ku Israel, atasainitsidwa mapepala onama kuti ndi pachibale. Kampani ya Netcare inavomera mlandu mu 2010. Izi zinachitika m'chipatala chooneka bwino, m'dziko la malamulo okhwima. Tsono taganizani boma la m'malire ngati Mwanza, kumene achinyamata amakwera mabasi tsiku ndi tsiku atalonjezedwa ntchito ndi munthu amene angomudziwira pa WhatsApp. Lamulo lathu liyenera kunena momveka kuti wopereka ali moyo afunsidwe payekha, ndi komiti yosadalira dokotala wa wodwalayo, m'chipinda mopanda abale. Pakhomo pathu timadziwana: m'banja mukadwala amene amalipirira ana onse fizi, amene amayang'anidwa kuti apereke amakhala mlongo wosakwatiwa, kapena mphwake amene anaphunzitsidwa ndi wodwalayo, ndipo kwa wotere mawu oti ayi satuluka pamaso pa malume.

Palinso za pambuyo pa opaleshoni, zimene nkhani za pawailesi zolandira wodwala pabwalo la ndege la Chileka sizitchula. Wolandira impso amamwa mankhwala oletsa thupi kuikana moyo wake wonse, ndipo akadumphitsa masabata ochepa chifukwa mankhwala asowa kapena ndalama zatha, impso ya mlongo wake imawonongeka. Woperekayo naye watsala ndi impso imodzi. Amafunika kupimidwa magazi, mkodzo ndi BP chaka ndi chaka, ndipo ngati ndi mayi woti adzatenganso pakati, a sikelo ayenera kudziwa. Iye sawerengedwa ngati wodwala, choncho dzina lake silikhala m'buku la kiliniki iliyonse. Kaundula woyamba amene Unduna wa Zaumoyo ungatsegule, ngakhale bilu isanafike ku Nyumba ya Malamulo, ndi wa anthu ameneŵa: amene anapereka kale, kumene akukhala, ndi chipatala chapafupi chimene chiziwaitana.